Ireen Si Chiwanda, Jonah

Libuyu,
Livingstone,
9 Juni 1996.

Mlongo wanga Jonah,

Ndiyambe ndi moni poti ndi mmene anatilerera amayi, ngakhale mtima wanga ukufuna kuyamba ndi zina. Uli bwanji ku Kitwe? Chifuwa chako chija chinaleka? Nanga mlamu Norah akupezako bwanji m'thupi?

Kuno tilipo. Alamu ako ba Mudenda akadali ku njanji, koma miyendo ikuwavuta ndi kuzizira kwa mwezi uno. Anyamata anga akudya ngati dzombe monga mwa masiku onse. Ine ndikugulitsabe salaula, zovala zovalidwapo kale zija, ku msika wa Maramba, ndipo majuzi akuyendako poti chisanu chafika.

Amene sali bwino ndi mwana wako Ireen amene ndikusunga kuno, ndipo wamudwalitsa ndiwe.

Kalata yako anabwera nayo ba Wamundila a pa sitima. Ndinamva chisoni kuwerenga kuti Norah wapitanso padera kachiwiri, ndi kuti ntchito ya ku mgodi ija yatha. Mpaka apo ndinkawerenga ngati mlongo wako, misozi ili m'maso. Koma nditatembenuza pepala ndinayamba kukayika ngati dzanja lolembalo linali lako.

Ukuti abusa a mpingo wanu watsopano anakuuza kuti utchule maina a anthu onse a m'banja mwako, ndipo utafika pa Ireen anaimika dzanja. Ati dzinalo ndi la fano la Agiriki, mkazi wamwala amene anthu akale ankamugwadira. Ati mzimu wa fanolo uli mwa mwana, ndi wansanje, ndiwo ukutseka mimba ya Norah ndi kukutsekera ntchito. Ndiye ukundilamula ine, Ennie, amene ndinakubereka kumbuyo uli ndi mamina, kuti kuyambira tsopano mwana azitchedwa Hope.

Ndinaseka, Jonah. Ndinati mlongo wanga wasokonezeka ndi mavuto, ndimuyankha mofatsa mwezi ukatha. Sindinadziwe kuti walembanso kalata ina kwa ba Mwiinga, amene amatsogolera nthambi ya mpingo wanuwo mu tenti ija ya kuseri kwa siteshoni ya mabasi. Ine wandilembera kundidziwitsa chabe, chilolezo wapereka kwa mlendo.

Loweruka lotsatira, dzuwa lili paliwombo, ndikulimbana ndi kasitomala pa mtengo wa jekete, ndinangoona ba Miyoba aneba athu akuthamanga chitenje chili m'manja. Mayi uja sathamanga, thupi lake ukulidziwa. Anangondiuza kuti ndisiye zonse, kunyumba kwalowa anthu.

Ndinapeza pabwalo panga padzaza ngati pali maliro. Ana akwera pampanda, azimayi a pampopi asiya ndowa zikusefukira. Pakati panali ba Mwiinga, suti yakuda, thukuta lili kamukamu, ndi azimayi atatu ovala zoyera. Mwana wako anamugwaditsa pafumbi. Wina wamugwira mutu, wina mapewa, akumugwedeza uku akukuwa dzina lake, kulilamula kuti lituluke likagwere ku mathithi.

Mwana sankalira. Anangoti maso tong'o, fumbi lili m'maondo. Dzina limene wakhala akuyankha moyo wake wonse, dzina limene ndimamuitana nalo kuti adzadye, anthu anayi akuluakulu akulikuwira m'khutu mwake ngati akuthamangitsa galu wolowa m'khitchini.

Ndipo anali atakoleza mbaula. Mbaula yanga, makala anga! Anang'amba zikuto za makope ake onse a kusukulu poti panali dzina, n'kuponya pamoto. Sanalekere pomwepo. Analowa mpaka kuchipinda, m'nyumba ya mwini, n'kutenga kansalu ka pilo kaja.

Ukukakumbukira, usanamizire. Kansalu koyera kamene malemu mkazi wako Namasiku anapeta ali gone m'chipatala, manja atatha kale mphamvu, dzina la mwana ndi ulusi wofiira ndi timaluwa tiwiri topotoka. Mwana ankagonera pomwepo chimwalirireni amake. Ndinkachita kumubera kuti ndikachape. Pamene ndinkafika kanali katatsala kachidutswa kakuda konunkha utsi.

Ndinatola tsache la pabwalo. Sindikubisira, ndipo sindikupepesa. Mayi amene anagwira mutu wa mwana analilawa pamsana, mnzake anathawa n'kusiya nsapato imodzi, ilipobe mpaka lero, akaifuna adzaitenge yekha. Ba Mwiinga anabwerera m'mbuyo akukweza manja, ati mayi musalimbane ndi ntchito ya Mulungu, mwana ni wa atate ake, imwe ndimwe chabe anti.

Kenaka anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kalata yako. Anaitambasula pamaso pa anthu onse aja, n'kundionetsa dzina lako pansi pake, ndi kalembedwe kako kopendekera kaja. Apo ndiye ndinatsitsa tsache. Ndikanatha kumenyana ndi Libuyu yense chifukwa cha mwana ameneyu, koma sindinkadziwa kuti wotuma adaniwo ndi bambo ake.

Ndinawatulutsabe. Ndinawauza kuti chabe anti yemweyu ndiye wakhala akuchapa zovala za mwanayu kuyambira pamene amake anatisiya, iwe n'kukwera sitima fakitale itatsekedwa. Ndinati akadzapondanso pakhomo panga adzakumana ndi mpini, tsache linali moni chabe. Potuluka anatembenuka n'kuuza mwana kuti tsopano ndiwe Hope, ukamva dzina lakale usayankhe, ukayankha chiwanda chibwerera.

Mawu amenewo ndiwo amumanga mpaka lero.

Ndikati Ireen, amangoyang'ana pansi. Ba Mudenda anayesa tsiku lina kumuitana Hope kuti aone, mwana anangokhala duu ngati akuitana wa nyumba ina. Tsopano m'nyumba mwanga muli mwana amene timamuitana ndi dzanja, kapena kungoti iwe. Mwana amene ankalongolola kuyambira m'mawa mpaka ine kumupempha kuti apumitse pakamwa!

Kusukulu anapita masiku awiri n'kuleka. Anzake akumuthawa pa benchi, ati ali ndi chiwanda cha Agiriki. Ena akumuimba nyimbo panjira, kutsanzira ba Mwiinga, kugwedezana mitu n'kumagwa dala pafumbi. Aphunzitsi ake anabwera okha kunyumba kudzafunsa chimene chachitika, poti mwanayu ndi amene amatsogola pa masamu. Ndinangowapatsa mpando ndi madzi akumwa.

Tsono poti waiwala kumene dzinali linachokera, khala pansi ndikukumbutse. Ine ndinalipo, ndipo mutu wanga sunalowe tenti.

Mwanayu atabadwa, atate athu anati dzina ndi Tikambenji, la amayi awo. Ba Inambao, amalume a Namasiku, anachoka ku Mwandi ndi basi kudzanena kuti dzina ndi Mukatimui, la mlongo wawo, amake a Namasiku, amene anali atangomwalira kumene. Ba Inambao ankati taonani nkhope, malemu abwerera. Atate ankati taonani makutu, makutu awa ndi a kwathu ku Katete, kulibe Mlozi wa makutu otere.

Tinkaseka poyamba. Koma mchombo unagwa, nthawi yotulutsa mwana m'chikuta inakwana, dzina kulibe. Anthu obwera kudzaona mwana ankangoti kauje. Atate analumbira kuti sadzadyanso m'nyumba mwako. Ba Inambao anati ngati Achewa ndi otere, atenga mwana wa mlongo wawo ndi khanda lomwe kubwerera nawo ku Mwandi, ukwati uthere pomwepo. Anali atayamba kale kumanga katundu.

Iwe unatani? Unabwera kwa ine, n'kukhala pakhonde mutu uli m'manja, ukulira kuti achemwali ndithandizeni, mkazi wanga akupita. Sunathe kuyankha atate, sunathe kuyankha ba Inambao. Mwamuna wa ndevu zake!

Amene anakupulumutsa ndi Namasiku, mkazi wosalankhulalankhula uja. Nthawi imeneyo ankagwira ntchito yokulunga buledi mu shopu ya Agiriki ija ya m'tauni. Anabereka khanda kukalionetsa kwa abwana ake, Madamu Despina, ndipo anabwerako nkhope itasintha. Lamlungu anaitana akuluakulu onse awiri, anagwada, anaomba m'manja mwa chikwawo, n'kunena kuti mwana ndi Ireen.

Anati dzinali si la malemu wa mbali iliyonse, choncho palibe amene waluza kwa mnzake. Anati m'chinenero cha eni ake limatanthauza mtendere. Ndiye anawonjezera, mawu ali pansipansi, kuti ngati pali wina amene sakufuna mtendere m'nyumba muno anene yekha ndi pakamwa pake, mwana akumva.

Atate anakanda kumutu, ba Inambao anayang'ana kudenga. Kenaka atate anatambasula manja n'kulandira mwana, anamutchula dzina katatu kuliyesa pakamwa, n'kumupatsira ba Inambao. Tsiku limenelo anadyera mbale imodzi, ndipo ba Inambao anamasula katundu. Iwe unavina pabwalo mpaka buluku linang'ambika kumbuyo, ndinakusokera ndine.

Dzina limenelo ndilo linasunga ukwati wako, Jonah. Lero ukuti ndi chiwanda. M'maso mwako muli gwa!

Komabe ine sindifuna kukhala ngati uja anamva theka n'kukanena za m'maluwa. Ndinati mwina abusa ako akudziwa chimene ine sindidziwa, ndipite kwa eni dzina. Madamu Despina akadali moyo. Shopu inatsekedwa kalekale, ana awo anapita ku Joni, iwo atsala okha ku Nottie Broadie ndi agalu awiri ndi ndudu zawo. Makutu anagontha, umachita kukuwa, ndipo Chinyanja chawo ndi chokhachokha chija cholamula antchito.

Ndinawafunsa mosazungulira ngati n'zoona kuti Ireen linali dzina la fano. Anati eya. Wamva? Sindikukubisira kanthu, anati eya. Ndinati kalanga ine, tsache lija ndamenya nalo anthu olungama.

Koma anapitiriza. Anati kwawo amati Irini, ndipo ndi mawu wamba, mtendere basi, amene munthu amanena nkhondo ikatha kapena anthu okangana akagwirizana. Makolo awo akalekale, Chikhristu chisanafike, anatopa ndi nkhondo za mizinda yawo, ndiye anasema mwala kuti mtenderewo ukhale ndi nkhope. Anasema mkazi. Ndipo mkaziyo, Jonah, anamusema atanyamula khanda m'manja.

Nditawauza kuti abusa ako akuti fanolo limatseka mimba, gogo uja anaseka mpaka kutsokomola, agalu n'kuyamba kuuwa. Ati munthu wako wa Mulunguyo anawerenga mzere umodzi n'kutseka buku. Ati ngakhale chithunzi chake sanachione.

Anati mawuwo analipo mwalawo usanasemedwe, ndipo anatsala mwalawo utaiwalika. Wansembe wa mpingo wawo amawanena Lamlungu lililonse podalitsa anthu. Anati kunali akazi a Chikhristu otchedwa dzina lomwelo amene anaphedwa chifukwa chokana kugwadira mafano, ndipo mpingo wawo umakumbukira mmodzi wa iwo pa 5 Meyi. Kwawo tsiku la dzina limaposa tsiku lobadwa. N'chifukwa chake Meyi aliyense Namasiku ankabwera ndi keke ya mwana kuchokera ku shopu. Chidutswa chachikulu ankadya ndani? Unkanyambita zala ndi keke ya chiwanda, osatsamwa.

Anawerenga pa zala: agogo awo Irini, mkulu wawo Irini, mwana wa mchimwene wawo Irini. Ati kumudzi kwawo ukaima pachitsime n'kukuwa dzinalo, theka la akazi limatembenuka. Nditawauza za kansalu ka pilo anasiya kuseka. Anazimitsa ndudu, kenaka anakutchula mawu ena m'chinenero chawo. Sindinafunse tanthauzo, nkhope yawo inandimasulira.

Pobwerera ndinayenda wapansi kuti mtima utsike, ndipo ndinayamba kuwerenga a kuno kwathu. Ireen namwino wa ku kiliniki, amene wabaya katemera theka la ana a Libuyu. Ireen wa ba Mazuba wogulitsa zitumbuwa, ana asanu ndi awiri, mapasa ali momwemo, ndipo pano ali ndi pakati penanso. Ireen wodumpha mlatho ndi majarini a ku Zimbabwe, amene apolisi a pamalire amamuopa pakamwa. Kulinso sisitere wa Akatolika. Kulinso Ireen uja wogona m'ngalande ndi kachasu, amenenso sindimubisa.

M'kalasi mwa mwana wako mokha muli atatu, aphunzitsi amachita kuwasiyanitsa ndi maina a atate awo. Dzinali lili paliponse m'tauni muno, kwa Atonga, kwa Alozi, kwa ife, wina wabwino wina woipa monga anthu onse. Likanakhala lotseka mimba, bwenzi Libuyu ali bwinja. Nanga ana onse aja anakwera pampanda panga kudzaonerera mwana wako akuchititsidwa manyazi anabadwa bwanji?

Usaganize kuti sindikumva ululu wako. Inenso ndinapitapo padera, ukudziwa, ndipo ndikudziwa mmene nyumba imazizirira. Munthu akamira amagwira chilichonse, ngakhale udzu. Norah ndi mwana wa eni ake, akuvutika, ndipo sindikumuimba mlandu. Mutengere kuchipatala chachikulu akamuyeze bwinobwino, mupemphere ndithu, Mulungu sanagonthe. Koma mtolo wa anthu akuluakulu awiri mwautula pamutu pa mwana wa zaka khumi ndi chimodzi, wamasiye, amene ali kutali ndi inu ulendo wa sitima usiku ndi usana. Anakulakwirani chiyani?

Ndipo abusa akowo ndikufuna undifunsire. Norah akadzapitanso padera, Mulungu aletse, adzaloza dzina la ndani? Langa? La amayi athu ali kumanda? Poti maina m'banja muno ndi ambiri, sadzasowa pogwira.

Tsopano mvera chimene chandigwiritsa cholembera lero, poti zonsezi ndikanatha kudikira kuti ndidzakuuze pamaso.

Poti kusukulu akukana, ndakhala ndikumutenga ku msika kuti asatsale yekha. Amakhala kuseri kwa mulu wa majuzi, kupinda zovala, osayang'ana munthu. Lachinayi kunabwera mayi wina wa ku Mukuni, ba Maambo, amene amagulitsa madengu kwa azungu ku mathithi. Ankapemphera limodzi ndi Namasiku kale, ndipo za tsache ndi mbaula sanamve.

Atangomuona mwana anaponya dengu pansi n'kuomba m'manja. Ati mayo, uyu si mwana wa malemu Bina Ireen, ndiye kuti Amake Ireen m'chikwawo? Ati wakula, mphumi ndi ya amake yeniyeni. Anayamba kuuza azimayi a mabenchi oyandikana za Bina Ireen, mmene ankaimbira, mmene ankagawira anthu buledi wotsala. Azimayi aja n'kumavomera, wina ati Bo-ma Ireen anandisungira mwana ndili m'chipatala, wina ati Amake Ireen sankadziwa kukangana ndi munthu.

Ndinaima pamenepo ndikumvetsera, ndipo ndinazindikira chinthu chimene sindinachiganizepo. Palibe ndi mmodzi yemwe anati Namasiku. Ndinafunsa dala ba Maambo ngati akukumbukira dzina la malemu la pa utsikana. Anaganiza, anaganiza, n'kuseka mwamanyazi, ati iwo anangomudziwa kuti Bina Ireen. Ndi mmene timakhalira, iwenso ukudziwa. Mkazi akabereka mwana woyamba dzina lake limagona, amadzuka ndi la mwana. Mlamu wanga anakhala Amake Ireen zaka zake zonse za m'banja, anafa ali Amake Ireen, ndipo amene akumukumbukira m'tauni muno akumukumbukira choncho.

Mwana anamva zonse ali kuseri kwa majuzi. Anapitiriza kupinda zovala mpaka tikuweruka. Tili panjira, mtolo uli pamutu panga, anandikoka chitenje. Kanali koyamba kuti ayambe yekha kulankhula chichitikireni zija.

Anandifunsa kuti, Anti, ine ndikakhala Hope, amayi anga adzakhala amake ndani?

Ndinatula mtolo pansi, pakati pa msewu, njinga zikundiimbira belu. Anafunsanso ngati amake ankadziwa kuti akuitana chiwanda pamene ankamuitana kuti abwere adzamuluke tsitsi. Anati ngati iye ayankha dzina lakale, mwana wa ba Norah afanso, ndipo ngati sayankha, amake atsala opanda mwana. Anandifunsa kuti asankhe chiti.

Mwana wa zaka khumi ndi chimodzi, Jonah! Wakhala masabata onsewa atanyamula zimenezi yekha, akuganiza kuti ana a Norah anawapha ndi iye. Ndinamukumbatira pomwepo ndikulira ngati wamisala, anthu akutiyang'ana. Ndinamuuza kuti sanaphe munthu, kuti amake sanaitanepo chiwanda. Anandimvera mwaulemu, koma ndinaona m'maso mwake kuti mawu anga sakukwana. Amene analemba kalata ija si ine.

Wamoyo ungamusinthe dzina, angazolowere. Koma wakufa umusintha bwanji? Amake Hope sanakhaleko padziko lino. Palibe anadya naye, palibe anaimba naye, palibe manda ake. Ukachotsa Ireen wafufuta mkazi amene anagwada pamaso pa akuluakulu awiri kuti iwe usatsale wopanda banja. Wamuika m'manda kachiwiri, ndipo ulendo uno wafotsera wekha.

Iwenso dzifunse. Anzako onse a ku fakitale, ba Wamundila, ngakhale wometa tsitsi wa pa siteshoni, akafuna kundifunsa za iwe amati ali bwanji Atate a Ireen. Ndiziwayankha kuti munthu ameneyo kulibe?

Tsono pempho langa ndi ili, ndipo sindikupempha mogwada. Bwera. Usanditumizire kalata ina, usanditumizire abusa, usanditumizire switi. Kwera sitima mwezi uno usanathe. Ba Wamundila ati akhoza kukupezera malo, ndipo ba Mudenda ati za ulendo usadere nkhawa, chibale ndi fupa sichiola.

Manyazi anachitikira pabwalo, anthu akuona, ndipo pabwalo pomwepo ndi pamene akachotsedwere. Ndidzaitana ba Miyoba, azimayi a pampopi, aphunzitsi ake, ndi ana onse okwera pampanda aja. Iwe udzaime pamene anamugwaditsa, udzamuitane mwana wako ndi dzina limene amake anamupatsa, mokweza, kuti Libuyu amve. Ukatero adzayankha, ndikumudziwa. Akudikira pakamwa pako, panga pamukanika.

Ngati ukuonabe kuti abusa ako ndiwo akunena zoona, bweranso ndithu. Udzamuyang'ane m'maso, udzamuyankhe wekha funso lija anandifunsa pamsewu. Ine sindikuyankhira. Koma udziwiretu kuti malinga ndili moyo, m'nyumba mwanga muno dzina lija silichoka, ndipo wobwera ndi moto adzandipeza pakhomo.

Ndakulembera mokalipa chifukwa ndiwe wanga. Ukanakhala wa eni ndikanangotseka chitseko. Mulungu amene amayi anatiphunzitsa kumupempha akutsegule maso, akupatse ntchito, ndipo apukute misozi ya Norah ndi mwana wamoyo. Umupatse moni wanga, umuuze kuti ndilibe naye chifukwa, ndipo akafuna kubwera nawe mphasa ilipo. Upereke moni kwa amalume ku Chimwemwe ndi ana awo onse. Ba Mudenda ndi anyamata akupereka moni.

Mwana wakonso akupereka moni. Wakhala pambali panga pamene ndikumaliza, akuyang'ana cholembera. Ndamufunsa kuti ndilembe kuti moniwo wachokera kwa ndani. Wati ndisalembe dzina lililonse limene lingakwiyitse atate kapena kupweteka ba Norah. Wati ndingolemba kuti wachokera kwa mwana wa Amake Ireen.

Ndalemba monga wanenera.

Ndine mlongo wako amene akudikira sitima,

Ennie